Tepi ikukana kulembedwanso, kapena yalembedwa nthawi isanakwane: kuthetsa mavuto a nthawi yosunga backup

Vuto ili limabwerera kawirikawiri, ndipo limakonda kubwera usiku. M'mawa mumapeza kuti backup (kope ya deta yosungidwa padera) sinayende, pulogalamu yaima ikudikira tepi, chonsecho matepi akale ali mbwee ndipo inu mukudziwa kuti masiku awo anakwana kalekale. Nthawi zina zimatembenuka, ndipo apa ndiye poopsa: wina akufuna fayilo ya miyezi itatu yapitayo, inu kukayang'ana n'kupeza kuti tepi yake inalembedwapo zina.

Mayina a makonzedwe ndi malamulo amene ali pansipa ndi a Bacula ndi Bareos, mapulogalamu a backup amene ndi ofanana m'zambiri. Pena ndi pena nditchulako Backup Exec, Veeam, Amanda, restic ndi Borg, chifukwa muzu wa vutoli ndi umodzi. Ndikamati volume ndikutanthauza tepi imodzi, kapena fayilo imodzi yaikulu ya pa disiki imene pulogalamu imaitenga ngati tepi. Pool ndi gulu la ma volume otsata malamulo amodzi.

## Zinthu zitatu zoti mudziwe musanakhudze chilichonse

Kaundula ndi tepi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pulogalamu imasunga kaundula, amene imamutcha catalog, wonena kuti fayilo yakuti ili pa tepi yakuti. Nthawi yosunga ikatha, chimene chimachotsedwa ndi mzere wa mu kaundula basi. Deta imakhalabe pa tepi mpaka tsiku limene mudzalembepo zatsopano. Choncho pulogalamu ikaiwala, sikuti yafufuta. Mfundo iyi ndiyo imapulumutsa anthu, bola asiye kulemba msanga.

Nthawi zosunga zilipo zitatu, osati imodzi. File Retention imanena kutalika kwa nthawi imene kaundula azikumbukira mayina a mafayilo. Job Retention ndi ya kukumbukira kuti backup yakutiyakuti inachitika. Volume Retention ndi yoteteza tepi yeniyeniyo kuti isalembedwenso. Mukapanda kuzilemba nokha, Bacula imaika masiku 60, 180 ndi 365 motsatana momwemo. Anthu ambiri amasintha imodzi n'kuganiza kuti amaliza.

Kuwerenga masiku kumayamba pa tsiku lomaliza kulemba, osati loyamba. Tepi imene munayamba kulemba pa 1 Januwale n'kumawonjezerapo mpaka pa 31 Malichi, yokhala ndi nthawi yosunga ya masiku 30, simasuka mpaka pa 30 Epulo. Deta ya mu Januwale ija imatetezedwa pafupifupi miyezi inayi ngakhale inu munalemba masiku 30. Tepi salembanso theka: imamasuka yonse kapena ayi. Backup Exec nayo imawerenga chimodzimodzi nthawi yake yoteteza matepi.

Musanasinthe kanthu, lowani mu bconsole, momwe mumalembera malamulo a pulogalamuyi, lembani `list volumes`, ndipo sungani zimene zatulukazo penapake. Yang'anani mizati inayi: VolStatus (mmene volume ilili), Recycle (ngati ikuloledwa kulembedwanso), VolRetention (nthawi yosunga) ndi LastWritten (tsiku lomaliza kulemba). Pa VolRetention nambala imatha kuoneka ili m'masekondi. Tsiku limodzi ndi 86,400.

## Chizindikiro choyamba: backup yaima, ikuti palibe volume yolembapo

Uthenga wake umakhala wakuti `Cannot find any appendable volumes`, kenako n'kukuuzani kuti mupange volume yatsopano ndi lamulo la `label`. Musathamangire kutero. Yambani ndi izi, kuchokera pa chofala kwambiri.

1. Munasintha pool, koma ma volume akale akadali ndi nambala zakale. Ichi chokha chimabweretsa madandaulo ochuluka kuposa zina zonse. Volume ikamapangidwa imakopera makonzedwe a pool ya tsiku limenelo n'kuwasunga ngati ake. Mukadzatsitsa Volume Retention kuchoka pa masiku 365 kufika pa 30, ma volume atsopano okha ndi amene amamva. Akale aja amapitiriza kudikira chaka.

- Onani: yerekezani VolRetention ya mu `list volumes` ndi zimene zili mu fayilo ya makonzedwe.
- Konzani: lembani `reload`, kenako `update pool`, kenako `update volume` n'kusankha kuti ma volume onse atenge makonzedwe a pool yawo.
- Chenjerani: mukangofupikitsa, matepi ambiri amatha kumasuka nthawi imodzi. Patulani kaye amene simukufuna kuti atayike.

2. Masiku sanakwane ndithu, mwangowerengera molakwika. Tengani LastWritten, wonjezerani VolRetention, muone tsiku limene likutuluka. Pano pali msampha umene umakola ngakhale anthu odziwa ntchito. Tinene kuti mumachita backup yathunthu Lachisanu lililonse 10 koloko usiku, muli ndi matepi anayi, ndipo mwaika masiku 28. Zikuoneka zokwanira. Koma backup yoyamba inatha kulemba 3 koloko m'bandakucha wa Loweruka, ndiye masiku 28 akwana 3 koloko m'bandakucha wa Loweruka, patapita masabata anayi. Backup yachisanu ikuyamba maola asanu tepiyo isanamasuke, ndipo imaima.

- Konzani: wonjezerani tepi yachisanu, kapena tsitsani masiku akhale 27.
- Ine ndimasankha tepi yowonjezera. Mukakhala ndi matepi okwanira ndendende, tsiku limene mukulemba pa tepi yakale kwambiri mwatsala ndi atatu okha abwino, ndipo backup ya usiku umenewo ikalephera mwataya imodzi osapeza ina.

3. Recycle ya volume ili pa 0, kapena AutoPrune, imene imachotsa yokha mu kaundula zimene masiku awo akwana, ndi yozimitsa. Tepi imafika pa Purged (za m'kati mwake zachotsedwa mu kaundula) koma osapitirira, kapena imangokhala pa Full (yodzaza) mpaka kalekale. Ikani `Recycle = yes` ndi `AutoPrune = yes` mu pool, kenako chitani `update volume` monga pamwambapa, popeza Recycle nayo imakopedwa pa tsiku lopanga volume.

4. VolStatus siyolola. Pulogalamu imangoganizira zomasula ma volume amene ali pa Full kapena Used (osalandiranso deta yatsopano). Amene ali pa Archive, Read-Only, Disabled kapena Error imawalambalala. Musanasinthe Archive kapena Read-Only, funsani amene anaika. Kawirikawiri pamakhala chifukwa.

5. Tepi yomasuka ilipo, koma pulogalamu sikuiona. Mwina ili mu pool ina. Mwina Media Type yake sikugwirizana ndi ya chipangizo chimene backup ikulemberapo. Kusiyana kwa chilembo chimodzi n'kokwanira. Mwinanso munasintha matepi mu makina osinthira matepi osauza pulogalamu. Lembani `update slots` kuti iwerengenso zimene zili m'kati.

6. Maximum Volumes yakwana. Pa disiki, pulogalamu imatha kudzipangira ma volume atsopano, koma ikafika pa malire amene munaika imaima ngati palibe wakale womasuka. Apa masamu ndi amene sakutheka: deta yakula, kapena masiku osunga achuluka kuposa malo amene muli nawo. Wonjezerani malo kapena chepetsani masiku mwadala, mutakambirana ndi eni deta.

Pa nthawi yothina ngati iyi, lamulo la `purge` limakopa kwambiri. Dziwani kusiyana kwake: `prune` imalemekeza nthawi yosunga ndipo imangochotsa zimene masiku awo akwana, pomwe `purge` imachotsa zonse osafunsa za masiku. Yesani `prune volume` kaye. Ikakana, ikukuuzani zoona.

## Chizindikiro chachiwiri: disiki ikungodzaza, ngakhale zakale zinayenera kuchoka

1. Volume imodzi ikungokulirakulira. Tepi imadzaza yokha chifukwa ili ndi mapeto. Fayilo ya pa disiki ilibe. Mukapanda kuiikira malire, imakhala pa Append (yolandirabe deta) mpaka disiki yonse itadzaza, ndipo usiku uliwonse LastWritten imasunthira patsogolo, moti masiku ake sadzakwana. Ikani chimodzi mwa izi mu pool: Maximum Volume Bytes, Maximum Volume Jobs kapena Volume Use Duration. Kenako sinthani volume yaikuluyo ikhale pa Used kuti masiku ake ayambe kuwerengedwa. Ma volume ang'onoang'ono ambiri amamasuka msanga kuposa chimphona chimodzi.

2. Volume ili pa Purged koma kukula kwake sikunasinthe. Umu ndi mmene inapangidwira, sikuti yawonongeka. Pulogalamu imasunga deta mpaka mphindi imene ikufunadi malowo. Ngati mukufuna malo abwerere msanga, ikani `Action On Purge = Truncate` n'kumayendetsa lamulo lodula ma volumewo. Dziwani kuti mukatero mwadzitsekera mwayi wobweza deta imene inachotsedwa mu kaundula molakwitsa.

3. Mwachotsa mu kaundula, mafayilo atsala. Lamulo la `delete volume` limachotsa mzere wa mu kaundula, koma fayilo ya pa disiki imatsala pomwepo. Kuchita mosemphanitsa n'koipirapo: kufufuta fayilo pamanja kaundula akuidziwabe kumabweretsa Error pa tsiku limene pulogalamu idzaifune.

4. Pulogalamu yanu imachotsa m'magawo awiri. Mu restic, `forget` imangoiwala ma snapshot, amene ndi ma backup ake. Malo amabwerera mukayendetsa `prune`. Mu Borg kuyambira 1.2, `prune` payokha sibweza malo mpaka mutayendetsa `compact`.

5. Unyolo sunathe. Mu Veeam, ngati mumachita backup yathunthu kamodzi pa sabata ndi zowonjezera (zosunga zimene zasintha zokha) tsiku lililonse, mudzaona kuti zosungidwa zikuposa nambala imene munaika. Pulogalamu singachotse yathunthu yakale pamene zowonjezera zodalira iyo zikufunikabe, ndiye imadikira kuti unyolo wonse utuluke m'nthawi yosunga. Si vuto ayi. Werengerani malo a unyolo umodzi wowonjezera.

6. Pa mtambo (malo osungira deta a pa intaneti), zofufutidwa sizinachoke. Mu Amazon S3, versioning (kusunga makope akale a fayilo iliyonse) ikakhala yoyatsa, chimene mwafufuta chimangobisika ndipo mumalipirabe. Object Lock ya mtundu wa compliance salola aliyense kufufuta tsiku lisanakwane, ngakhale mwini akaunti. Glacier Deep Archive, gawo la S3 losungira deta ya nthawi yaitali, imalipiritsa masiku 180 ngakhale mufufute mawa lake, choncho kuikamo backup ya masiku 30 n'kutaya ndalama.

## Chizindikiro chachitatu: backup ilipo, koma simungasankhe fayilo imodzi

Mukamabweza deta, pulogalamu ikuti sinapeze mafayilo ndipo ikufunsa ngati mukufuna kubweza zonse. Pafupifupi nthawi zonse ndi File Retention imene yatha pomwe Job Retention ikadalipo. Deta ili bwinobwino.

- Ngati malo alipo, bwezani backup yonse pamalo apadera, mutengepo fayilo yanu. Musabwezere pamwamba pa deta yogwiritsa ntchito.
- Ngati ndi yaikulu kwambiri, `bscan` imawerenga tepi n'kubwezera mayina mu kaundula. Imatenga maola, chifukwa imawerenga tepi yonse.
- Mukamaliza `bscan`, talikitsani File Retention kapena zimitsani AutoPrune kwa kanthawi. Mukapanda kutero, backup yotsatira idzachotsanso zimene mwangobwezazo.

File Retention yaifupi siyoipa payokha, popeza mayina a mafayilo ndi amene amatupitsa kaundula. Chofunika n'chakuti mudziwe kuti pakadutsa masiku angati kubweza fayilo imodzi kumasanduka ntchito ya tsiku lonse, ndipo eni deta adziwenso.

## Chizindikiro chachinayi: yowonjezera yasanduka yathunthu yokha

Uthenga umati palibe Full (backup yathunthu) yoyenera mu kaundula, ndiye pulogalamu ikuchita Full. Disiki kapena tepi imadzaza usiku umodzi.

1. Full yapitayo yaiwalidwa yotsatira isanachitike. Kwa Bacula mwezi ndi masiku 30. Ngati Full yanu imachitika Lamlungu loyamba la mwezi, mpata wake umakhala masiku 28 miyezi ina, 35 miyezi ina. Nthawi yosunga ya mwezi umodzi imasiya masiku asanu opanda Full m'miyezi yaitaliyo, ndipo m'masiku amenewo zowonjezera zanu zilibe poimira. Nthawi yosunga Full ikhale yoposa mipata iwiri, kuti yatsopano ikalephera yakale ikhalepobe.

2. FileSet yasinthidwa. Mukasintha mndandanda wa zoyenera kusungidwa, pulogalamu imayambanso ndi Full. Zimenezi n'zoyembekezereka.

3. Full yapitayo inalephera ndipo palibe anawerenga lipoti.

## Chizindikiro chachisanu: tepi yalembedwanso nthawi isanakwane

Apa imani. Musanafufuze chifukwa, chitani izi:

- Imitsani ma backup onse olembera mu pool imeneyo.
- Tulutsani matepi otsala n'kutseka kabatani koletsa kulemba. Pa disiki, koperani ma volume pamalo ena.
- Sungani kope ya kaundula mmene alili pano, pamodzi ndi malipoti.

Chifukwa chake n'chakuti chimene chadya tepi imodzi chikhoza kudya ina usiku uno. Mukatero, fufuzani:

1. Ma volume ali ndi nthawi yakale yaifupi. Ndi vuto lija la kukopera makonzedwe, litatembenuka. Munatalikitsa masiku mu pool kuchoka pa 30 kufika pa 180, koma matepi akale anapitiriza kumasuka pa 30. Limeneli silichenjeza, chifukwa backup zimayenda bwino usiku uliwonse.

2. Purge Oldest Volume ndi yoyatsa. Dzina lake likufanana ndi Recycle Oldest Volume, koma zochita n'zosiyana kwambiri. Recycle Oldest Volume imalemekeza masiku. Purge Oldest Volume imatenga tepi yakale kwambiri n'kuilemba, kaya masiku akwana kaya ayi. Kawirikawiri amaiyatsa ndi munthu amene anatopa ndi backup zoima usiku. Izimitseni. Mu Veeam chofanana nacho ndi kusankha kuti matepi a media pool azilembedwanso mozungulira popanda chitetezo. Mu Amanda onani ngati tapecycle, nambala ya matepi ozungulira, ili yochepa kuposa matepi amene mumafuna kuti asungidwe.

3. Full inalowa mu pool ya zowonjezera. Zimachitika yowonjezera ikasanduka yathunthu yokha, n'kulembedwa pa matepi a masiku ochepa. Ikani Full Backup Pool ndi Incremental Backup Pool mu Job (makonzedwe a backup imeneyo), kuti mtundu uliwonse uzipita kwawo ngakhale utasintha m'njira.

4. Munthu anayendetsa `purge` kapena `relabel`. Onani malipoti. Mufunse mofatsa, mukufuna kudziwa matepi angati anakhudzidwa, ndipo munthu woopa sanena zonse.

5. Wotchi ya seva inalumpha. Sizichitika kawirikawiri, koma seva ikadzuka ndi tsiku la kutsogolo kwambiri, zonse zimaoneka ngati masiku awo akwana. Onetsetsani kuti NTP, imene imakonza wotchi ya seva, ikugwira ntchito.

Kusiyanitsa pano n'kofunika. Volume ya pa Purged kapena Recycle imene sinalembedwe kapena kudulidwa ikadali ndi deta yonse: isintheni ikhale Read-Only, onani zili m'kati ndi `bls`, bwezani ndi `bscan` kapena tulutsani mafayilo ndi `bextract`. Koma tepi imene yalembedwa kuyambira pachiyambi ndi nkhani ina. Makina amaika chizindikiro cha mapeto a deta pamene zatsopano zathera, ndipo salola kuwerenga kupyola pamenepo, ngakhale zatsopanozo zikhale zochepa bwanji.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: tepi yamasuka, koma kulemba kukulephera

- Kabatani koletsa kulemba n'kotseka. Yambani ndi kameneka.
- Tepi ndi ya WORM. Imeneyi imalembedwa kamodzi basi, choncho isakhale mu pool yozungulira.
- M'badwo wa tepi (nambala ya pa dzina la LTO) sukugwirizana ndi makina. Makina a LTO-7 amawerenga LTO-5 koma salembapo. A LTO-8 amagwira LTO-8 ndi LTO-7 zokha, a LTO-9 amagwira LTO-9 ndi LTO-8. Mukagula makina atsopano, matepi akale ena amachoka m'gulu la olembedwanso.
- Makina akufuna kutsukidwa ndi tepi yotsukira. Mudziwa ngati matepi osiyanasiyana akulephera mofanana.
- Tepi yatha ntchito. Ngati imodzi yokha ndiyo ikubwerera pa Error, ichotseni. Kuibwezera pa Append mobwerezabwereza n'kuika deta pa chinthu chimene chakuchenjezani kale.

## Nthawi yosiya n'kuitana katswiri

- Tepi kapena disiki yokhala ndi kope yokhayo ya deta yalembedwapo zina. Musayese kanthu kena. Pitani nayo kwa akatswiri obweza deta, amene ali ndi zipangizo zowerengera kupyola mapeto aja. Ngakhale iwo sangabweze gawo limene lalembedwapo.
- Kaundula wawonongeka kapena watayika ndipo mulibe kope yake. Musayatse ma backup mpaka wina wodziwa database ataona.
- Tepi yakodwa m'makina, yaduka, yanyowa kapena yapsa. Musaikoke ndipo musaiyese m'makina ena.
- Matepi ndi obisidwa ndi kiyi ndipo kiyiyo sikupezeka. Lekani kuwalembanso mpaka nkhani ya kiyi itatha.
- Deta ikukhudzidwa ndi mlandu, kafukufuku wa mabuku a ndalama, kapena lamulo lonena zaka zoisunga. Kufupikitsa masiku pamenepa si chisankho cha woyang'anira makompyuta yekha. Pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa odziwa malamulo.
- Ma backup ambiri achotsedwa nthawi imodzi popanda amene akuvomera, kapena masiku osunga asinthidwa osadziwika wosintha. Achiwembu a ransomware, amene amatseka deta n'kufuna dipo, amayamba ndi kuwononga ma backup asanatseke deta. Chotsani seva ya backup pa netiweki, tulutsani matepi m'makina, ndipo itanani odziwa za chitetezo musanazimitse kapena kufufuta chilichonse.